Mbiri ya Njinga Zampikisano ndi Luso la Amisiri Ozipanga

Njinga yampikisano wa pamsewu ndi njinga yakapalasa imene inapangidwira ntchito imodzi yokha, yoti munthu adule mtunda wautali mwaliwiro pogwiritsa ntchito miyendo yake. Ilibe keliyala, ilibe madigadi, ilibe sitandi. Matayala ake ndi opyapyala, mahandulo ake anapindikira pansi, ndipo chishalo chimakhala m'mwamba kuposa mahandulo kotero kuti wopalasa amayenda chowerama. Zonsezi zimamangiriridwa pa felemu, ndipo felemuyo ndi imene imanyamula dzina la wopanga.

Pa zida zonse zamasewera, ndi zochepa zimene anthu amazisirira maonekedwe monga amachitira ndi njingayi. Alipo oipachika pakhoma la pabalaza, ziliponso nyumba zosungiramo zinthu zakale zimene zimaionetsa kwa alendo, ndipo pa mipikisano ikuluikulu anthu amaunjikana pa magalimoto a matimu kuti angoona njinga zili chiimire eni ake asanatuluke. Kukongola kumene amasirirako kuli ndi mbiri yake. Kunachokera pa kulimbana kwa amisiri ndi mavuto atatu: kupeputsa njinga, kuilimbitsa kuti isapindike wopalasa akaponda mwamphamvu, ndi kuchepetsa mphepo yoibweza m'mbuyo. Amisiri akapeza yankho latsopano maonekedwe a njinga ankasintha, ndipo maso a anthu ankazolowera chatsopanocho mpaka kuchikonda.

## Chiyambi cha felemu

Kholo la njinga linaoneka mu 1817 mumzinda wa Mannheim ku Germany, pamene Karl Drais anapanga chokwera chathabwa cha magudumu awiri otsogozana. Chinalibe mapedulo, wokwera ankadzikankha ndi mapazi. M'zaka za m'ma 1860 ku Paris, Pierre Lallement ndi banja la Michaux anamangirira mapedulo pa gudumu lakutsogolo, ndipo mipikisano siinachedwe kuyamba. Mu 1869 James Moore wa ku England anapambana mpikisano wochoka ku Paris kukafika ku Rouen, mtunda wa makilomita 123, atapalasa maola opitirira khumi.

Popeza mapedulo akazungulira kamodzi gudumu nalo linkazungulira kamodzi basi, njira yokha yowonjezera liwiro inali kukulitsa gudumulo. Motero m'zaka za m'ma 1870 kunabwera njinga za chigudumu chachikulu kutsogolo, china mpaka mita imodzi ndi theka, ndi kagudumu kakang'ono kumbuyo. Zinali zoopsa chifukwa kamwala kokha kankatha kuponya wokwera chamutu, komabe zinasiya cholowa: masipoko a waya ndi mapaipi amphako m'malo mwa chitsulo chathunthu.

Mu 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga yotchedwa Rover, ya magudumu oyandikana kukula, yoyenda ndi tcheni chokoka gudumu lakumbuyo. Patatha zaka zitatu John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, anapanga tayala lopopa mpweya. Pofika m'zaka za m'ma 1890 felemu inali itakhazikika pa mpangidwe umene ili nawo mpaka lero: mbali ziwiri za makona atatu zogawana paipi imodzi, ija yonyamula chishalo. Mpangidwe wa makona atatu sugonja msanga ukapanikizidwa, choncho umalimba kwambiri ndi chitsulo chochepa. Njinga ya kabaza ndi njinga ya katswiri wa Tour de France zimasiyana mtengo kutalitali, koma zonse zinatengera mpangidwe umenewu.

Mipikisano ikuluikulu inabadwa m'nyengo yomweyo: Paris-Roubaix mu 1896, Tour de France mu 1903, Giro d'Italia mu 1909. Nyuzipepala zinkaikonza kuti ziziyenda malonda, ndipo makampani a njinga ankalipira opalasa kuti dziko lione njinga yopambana. Kuyambira pamenepo njinga yampikisano inayenera kuthamanga komanso kukopa maso.

## Nzeru ya m'kati mwa paipi

Banja la Reynolds ku Birmingham linkapanga misomali. Mu 1897 Alfred Reynolds analembetsa njira yopangira paipi imene khoma lake ndi lochindikala kumapeto koma lopyapyala pakati, pamene kunja ikuoneka yofanana paliponse. Nzeru yake ndi yofanana ndi ya nsungwi, imene imalimba pamfundo n'kupepuka pakati pa mfundozo. Felemu imapanikizika kwambiri polumikizira, ndipo ndi pomwepo pamene mmisiri amaitentha ndi moto. Pakati pa paipi chitsulo chochuluka chimangolemetsa njinga.

Mu 1935 kampaniyo inatulutsa mapaipi otchedwa 531, a chitsulo chosakaniza ndi manganese ndi molybdenum, amene kwa zaka makumi anayi ananyamula akatswiri ambiri opambana Tour de France. M'zaka za m'ma 1970 kunabwera 753, yopyapyala kwambiri moti Reynolds inkaigulitsa kwa amisiri okhawo amene ayamba atumiza ntchito yawo kuti iyesedwe. Ku Milan, Angelo Luigi Colombo anatsegula fakitale ya mapaipi mu 1919, ndipo kumeneko kunachokera mapaipi a Columbus okhala ndi chizindikiro cha nkhunda. Mu mtundu wawo wotchuka wa SL, khoma la paipi linali mamilimita 0.9 kumapeto ndi 0.6 pakati.

Kunja, paipi yam'mwamba inkakhala mamilimita 25.4 m'mimba mwake, pamene ya chishalo ndi yotsikira ku mapedulo zinkakhala 28.6. Kuwonda kumeneku, pamodzi ndi paipi yam'mwamba yogona mowongoka osapendekera kulikonse, ndi kumene anthu ambiri mpaka lero amakutenga ngati maonekedwe enieni a njinga yampikisano. Popeza ubwino wa paipi unabisika m'kati, opanga ankamata kachikwangwani pansi pa chishalo, ndipo wodziwa njinga ankawerama kaye kuti aone ngati pali manambala a Reynolds kapena nkhunda ya Columbus.

## Polumikizira

Kwa zaka pafupifupi zana limodzi, mapaipi ankalumikizidwa ndi tizitsulo tamphako tovala nsonga zawo, timene amisiri amatitcha lug. Mmisiri amayamba ndi kupala nsonga ya paipi ndi tupa mpaka ikumbatire inzake popanda mpata woti kuwala kudutse. Akalowetsa mapaipi m'cholumikizira amapakapo mankhwala oyeretsa chitsulo, nayatsa moto wa gasi. Chitsulo chikatentha mokwanira amagunditsa kawaya ka mkuwa kapena ka siliva m'mphepete, ndipo kamasungunuka n'kuyamwidwa m'kampata kosaoneka ndi maso, kulondola kumene kuli moto mpaka kutulukira mbali inayo. Moto ukachepa mkuwa sufika monse. Ukachuluka chitsulo chimafooka. Pambuyo pake pamabwera ntchito ya tupa ya maola ambiri, yopala cholumikizira kuti chizinka chipyapyala chakumphepete, kuti kupanikizika kusaunjikane pamalo amodzi n'kung'alula paipi.

Odziwa njinga akafika pa felemu yachitsulo amayambira kuyang'ana pamenepa. Amayendetsa chala m'mphepete mwa cholumikizira kufuna kumva ngati patsala mkuwa kapena chipsera cha tupa. Mzere wakuthwa, wosalala ndi wofanana mbali zonse umawatsimikizira kuti ngakhale m'kati mosaonekamo ntchito inagwiridwa mosamala.

Dziko lililonse linali ndi kachitidwe kake. Ku Britain, kumene malamulo a opalasa osalipidwa anali okhwima pa nkhani yotsatsa malonda, amisiri ankafuna felemu yodziwika ndi maonekedwe ngakhale dzina lisaoneke. Hyman Hetchin ndi mmisiri wake Jack Denny, ku Tottenham mumzinda wa London, anayamba m'zaka za m'ma 1930 kupanga njinga za timapaipi takumbuyo topindikapindika, kenaka zolumikizira zosemedwa ngati masamba ndi maluwa, zokhala ndi mayina monga Nulli Secundus ndi Magnum Opus. Kampani ya Bates nayo inkadziwika ndi foloko yopindika kawiri.

Ku France kunali René Herse ndi Alex Singer, onse a ku Levallois-Perret pafupi ndi Paris. Iwo sankathera pa felemu. Ankadzipangiranso zipangizo zina monga mabuleki ndi chogwira mahandulo, kuti njinga yonse ioneke kuti inachokera m'mutu umodzi. Herse anayamba wagwira ntchito yopanga ndege, ndipo anabweretsa chizolowezi chowerengera galamu iliyonse. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 amisiri a ku France ankapikisana okhaokha: njinga zinkaikidwa pa sikelo, kenaka zinkapalasidwa masiku angapo m'misewu yoipa ya m'mapiri, ndipo chilichonse chothyoka kapena kugwedera chinkachotsetsa mapointi. Zina zinkalemera makilogalamu osakwana 8 chikhalirecho zili ndi madigadi ndi nyali.

## Amisiri a ku Italy

Dziko limene linatchuka koposa ndi Italy, makamaka chigawo cha kumpoto. Edoardo Bianchi anatsegula shopu yake ku Milan mu 1885, ndipo kampani yake ndi imodzi mwa akale kwambiri amene akupangabe njinga. Imadziwika ndi utoto wotchedwa celeste, wa pakati pa mtundu wa mtambo ndi wobiriwira. Za chiyambi cha utotowu pali nthano zingapo: ena amati ndi thambo la ku Milan, ena amati ndi maso a Mfumukazi Margherita, ena amati unali utoto wotsala wa asilikali umene anausakaniza. Amene anautchukitsa ndi Fausto Coppi, yemwe mu 1949 anakhala munthu woyamba kupambana Giro ndi Tour m'chaka chimodzi, nabwerezanso mu 1952. M'nyengo imeneyo timu inkadziwika ndi utoto wa njinga zake: Legnano ya Gino Bartali inali yobiriwira, pamene Wilier Triestina inkanyezimira ngati mkuwa wopukuta.

Pansi pa utoto wa kampani nthawi zambiri pankabisika ntchito ya mmisiri wina. Akatswiri ankapita kwa munthu amene ankamukhulupirira kuti awapangire felemu, kenaka n'kuipaka dzina la owalipira. Faliero Masi, amene shopu yake inali kunsi kwa mipando ya bwalo la njinga la Vigorelli ku Milan, ankatchedwa telala chifukwa ankayeza miyendo, msana ndi mikono ya wopalasa asanadule paipi. Zina mwa njinga za katswiri Eddy Merckx zinatuluka m'manja mwake. Anthu a ku Italy sankakonda zosemasema zambiri. Zolumikizira zawo zinali zazifupi, za nsonga imodzi, ndipo kukongola ankakufuna m'kulingana kwa ziwalo, mu utoto, ndi mu chrome yonyezimira pa foloko ndi kumapeto kwa felemu.

Cino Cinelli, amene anapambana mpikisano wa Milan-San Remo mu 1943, atasiya mipikisano anayamba kupanga njinga ndi mahandulo. Felemu yake ya Supercorsa, ya mapewa a foloko otsetsereka ndi timapaipi takumbuyo tokumana kuseri kwa paipi ya chishalo, yakhala ikupangidwa kwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi osasintha kwenikweni. Ugo De Rosa, wa chizindikiro cha mtima, anayamba mu 1953 ndipo anapangira Merckx njinga m'zaka za m'ma 1970. Giovanni Pinarello wa ku Treviso anamaliza kumapeto kwenikweni mu Giro ya 1951, navala malaya akuda amene ankapatsidwa kwa wotsiriza. Chaka chotsatira timu yake inamupatsa ndalama zokwana 100,000 lire kuti asiyire wina malo, ndipo ndalamazo zinamuthandiza kutsegula shopu imene pambuyo pake inapanga njinga za katswiri Miguel Indurain.

Ernesto Colnago, wobadwa mu 1932 m'mudzi wa Cambiago, anayamba ntchito mu fakitale ya njinga ali ndi zaka 13, natsegula shopu yake mu 1954. Chizindikiro chake cha masamba atatu, chija cha pa makadi osewerera, anachitenga Michele Dancelli atapambana Milan-San Remo mu 1970. Pa 25 October 1972 Merckx anapalasa makilomita 49.431 mu ola limodzi ku Mexico City pa njinga ya Colnago yolemera makilogalamu 5.75, imene anaiboola timabowo m'mahandulo ndi m'tcheni momwe. Mu 1979 Colnago anapereka njinga yokutidwa ndi golide kwa Papa John Paul II, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anatulutsa Master, ya mapaipi okhala ndi mizere yolowa m'kati kotero kuti ukaidula paipiyo imaoneka ngati nyenyezi.

Luso la ku Italy linafika mpaka ku Japan. Yoshiaki Nagasawa anaphunzira kwa Sante Pogliaghi ndi kwa De Rosa, ndipo atabwerera kwawo anapangira mafelemu Koichi Nakano, amene anakhala katswiri wa dziko lonse pa liwiro la m'bwalo kwa zaka khumi zotsatizana, kuyambira 1977 mpaka 1986.

## Zipangizo

M'zaka za m'ma 1920 gudumu lakumbuyo linkakhala ndi mano mbali zonse ziwiri, ndipo wofuna kusintha giya ankatsika, kumasula gudumu, n'kulitembenuza. Nkhani imene kampani ya Campagnolo imafotokoza ndi yakuti mu November 1927, pa phiri la Croce d'Aune, zala za Tullio Campagnolo zinauma ndi chisanu moti analephera kumasula manati, nataya mwayi wopambana. Mu 1930 analembetsa kachogwirira kamene kamamasula gudumu ukangokatembenuza, ndipo mu 1933 anatsegula kampani ku Vicenza. Tour de France inayamba kulola onse kugwiritsa ntchito chosinthira magiya mu 1937. Mu 1951 Campagnolo anayamba kugulitsa Gran Sport, chosinthira cha timikono tiwiri toyendera limodzi tokankha tcheni chammbali, ndipo mpangidwe umenewu ndi umene onse anautsatira.

Campagnolo anazoloweretsanso anthu kugula zipangizo zonse pamodzi monga banja limodzi: mahabu, mabuleki, mikono ya mapedulo, chonyamula chishalo ndi zosinthira magiya, zonse zopukutidwa mofanana ndi zolembedwa dzina mwaluso. Nuovo Record ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi Super Record ya 1973, yokhala ndi tizitsulo tina ta titaniyamu, zinakhala muyezo wa njinga yapamwamba. Mu 1983, chaka chimene Tullio anamwalira, kampaniyo inatulutsa zipangizo zokumbukira zaka 50, zokhala ndi golide ndi siginecha yake.

Njinga ya Merckx ya ku Mexico inafalitsa chizolowezi choboola. Opalasa ndi amakaniko ankaboola timabowo m'zogwirira mabuleki, m'mbale yamano yokoka tcheni ndi m'chonyamula chishalo. Magalamu opulumutsidwa anali ochepa ndipo zina zinkathyoka, koma timabowo tondandalikidwa bwino tinasanduka chokongoletsa pachokha. Amisiri anayambanso kuzokota mayina awo pa zipangizo n'kudzazamo utoto.

Nthawi zina kukongola ndi ntchito zinkasiyana njira. Mabuleki a Delta a Campagnolo, a m'zaka za m'ma 1980, anabisa makina onse kuseri kwa chivundikiro chosalala cha makona atatu. Anali olemera, ovuta kukonza, ndipo ambiri ankati sagwira monga mabuleki wamba. Anasiya kupangidwa patangopita zaka zochepa, koma lero ali m'gulu la zipangizo zimene osonkhanitsa njinga zakale amazifuna kwambiri.

Mpikisano wamphamvu unachokera ku Japan. Shozaburo Shimano anayambitsa kampani yake mu 1921 ku Sakai, mzinda wa osula mipeni. Zipangizo za Dura-Ace zinatuluka mu 1973; mu 1984 zinabwera ndi chosinthira chimene chimalira kuti “tha” giya iliyonse ikalowa m'malo mwake, ndipo mu 1990 Shimano inachotsa tizogwirira ta magiya pa felemu n'kutiphatikiza ndi zogwirira mabuleki. M'zaka zomwezo nthambo za mabuleki, zimene kale zinkakhota pamwamba pa mahandulo, zinabisidwa pansi pa nsalu yokulunga mahandulo. Kampani ya Look ya ku Nevers inatulutsa mu 1984 mapedulo okola nsapato popanda malamba, ndipo Bernard Hinault anapambana nawo Tour ya 1985.

## Aluminiyamu, titaniyamu ndi kaboni

Aluminiyamu inalowa kudzera ku ALAN ya ku Italy mu 1972 ndi Vitus 979 ya ku France mu 1979, zonse za mapaipi owonda omatidwa ndi guluu m'zolumikizira. Zinali zopepuka koma zogwedera. Ku America, Gary Klein ndi kampani ya Cannondale anathetsa vutoli pokulitsa mapaipi n'kuwawotcherera mwachindunji. Poyamba anthu ankaziona ngati zonenepa mosayenera, koma pofika 1998, pamene Marco Pantani anapambana Giro ndi Tour pa Bianchi ya aluminiyamu ya celeste ndi chikasu, mapaipi aakulu anali atazolowereka. Titaniyamu siichita dzimbiri, choncho makampani monga Litespeed, Merlin ndi Moots amaisiya yopanda utoto. Pa njinga zotere chosiririka ndi mzere wowotcherera, timadontho togundana tofanana kukula kuzungulira paipi yonse.

Kaboni anasintha ntchito yonse. Ndi nsalu ya ulusi wopyapyala wonyikidwa mu utomoni, imene imadulidwa tizidutswa mazanamazana, kuyalidwa ndi manja m'chikombole, kenaka kutenthedwa ili yopanikizidwa. Kumene ulusi waloza ndi kumene felemu imalimba, choncho wopanga angathe kuilimbitsa pa mapedulo n'kuifewetsa pansi pa chishalo. Greg LeMond anapambana Tour ya 1986 atagwiritsa ntchito felemu ya Look ya mapaipi a kaboni. Colnago, atagwira ntchito ndi akatswiri a Ferrari, anatulutsa C40 mu 1994. Ambiri ankaopa kuti ithyoka pa msewu wa miyala wa Paris-Roubaix, koma inapambana kumeneko kasanu pakati pa 1995 ndi 2000, ndipo mu 1996 opalasa atatu a timu ya Mapei analowa limodzi m'bwalo la Roubaix n'kutenga malo atatu oyamba.

## Mphepo ndi malamulo a ku Lugano

Pa msewu wosakwera, mphamvu zambiri za wopalasa mwaliwiro zimathera pa kulimbana ndi mphepo. Mu January 1984 Francesco Moser anaposa Merckx popalasa makilomita 51.151 mu ola limodzi pa njinga yolemera kuposa ya Merckx, koma ya magudumu otsekeka opanda masipoko oonekera. Mu 1989 LeMond, ali ndi timahandulo totambasukira kutsogolo, anagonjetsa Laurent Fignon pa Tour ndi masekondi 8 okha. Mu 1992 Chris Boardman anatenga mendulo ya golide ku Barcelona pa Lotus 108 ya Mike Burrows, chinthu chimodzi chakuda cha kaboni chopanda makona atatu aja, chogwira gudumu lililonse mbali imodzi. Chaka chotsatira Graeme Obree wa ku Scotland anafika makilomita 51.596 pa njinga yodzipangira yekha, ina mwa mbali zake yochokera m'makina ochapira.

Bungwe loyendetsa masewerawa la UCI linada nkhawa kuti mpikisano ukusanduka wa makina m'malo mwa anthu. Mu 1996 linagwirizana mfundo ku Lugano, ndipo kuyambira mu 2000 malamulo anati felemu ikhale ya makona atatu, magudumu akhale ofanana kukula, ndipo njinga isapepuke kuposa makilogalamu 6.8. Malamulowa anasunga mpangidwe wa m'zaka za m'ma 1890 pa nthawi imene kaboni akanatha kuuthetseratu. Kusintha kumodzi kumene kunaloledwa ndi kwa Burrows yemweyo, amene anapangira kampani ya Giant ya ku Taiwan felemu ya TCR, ya paipi yam'mwamba yotsetserekera kumbuyo. Okonda zakale anainyoza, koma inali yopepuka ndi yolimba, ndipo opanga ambiri anaitsanzira.

## Njinga ya masiku ano

Popeza kupepuka kunaikidwa malire, opanga anatembenukira ku mphepo. Mapaipi amakono amaumbidwa ngati phiko la ndege lodulidwa kumbuyo, malimu ndi akuya, ndipo mahandulo ndi chowagwira zimaumbidwa pamodzi. Shimano inatulutsa magiya amagetsi mu 2009, SRAM inabwera ndi opanda nthambo mu 2015, ndipo UCI inavomereza mabuleki a disiki mu 2018. Nthambo zotsala zimadutsa m'kati mwa felemu, kotero kuti kutsogolo kwa njinga sikuoneka chilichonse cholendewera. Matayala akula kuchoka pa mamilimita 23 kufika pa 28 kapena 30. Felemu ya Aethos ya kampani ya Specialized, ya 2020, imalemera magalamu 585, ndipo njinga yathunthu yapamwamba imatha kupitirira madola 12,000 a ku America.

Mafelemu ambiri, ngakhale okhala ndi mayina a ku Italy kapena ku America, amapangidwa ku Taiwan ndi ku China, ndi ulusi wochokera ku makampani monga Toray ya ku Japan. Ntchito ya manja ikadalipo yambiri, koma oyala kaboni m'zikombole sadziwika mayina. Dandaulo lofala ndi lakuti njinga zamakono zimafanana, popeza onse amaziyesa ndi mphepo imodzimodzi n'kupeza yankho limodzimodzi. N'chifukwa chake opanga amasunga chizindikiro chawochawo, monga foloko yokhotakhota ya Pinarello Dogma, ndipo amaika luso lalikulu pa utoto. Wotsogola pa Tour amatha kupatsidwa njinga yachikasu, wa pa Giro ya pinki, ndipo katswiri wa dziko lonse, monga Tadej Pogačar amene anapambana ku Kigali mu 2025 pa Colnago, amayenda ndi mizere ya utawaleza.

## Kusunga luso lakale

Pa phiri la Ghisallo, pamwamba pa nyanja ya Como, pali katchalitchi kamene Papa Pius XII anakalemekeza mu 1949 polengeza kuti Maria Woyera wa pamenepo ndi nkhoswe ya opalasa njinga. M'makoma mwake mwapachikidwa njinga za Bartali, Coppi, Merckx ndi Moser, ndipo pambali pake panatsegulidwa nyumba yosungiramo njinga mu 2006. Ku Gaiole in Chianti, Giancarlo Brocci anayambitsa mu 1997 ulendo wotchedwa L'Eroica ndi anthu 92. Lero amabwera masauzande, ndipo lamulo lake ndi lakuti njinga ikhale ya mtundu wa 1987 kapena m'mbuyo mwake, ya tizogwirira ta magiya pa felemu, malamba pa mapedulo ndi nthambo zoonekera. Ulendowu unakweza mtengo wa njinga zakale ndi kupatsa ntchito okonza chrome, opaka utoto ndi osindikiza zikwangwani zakale.

Amisiri achitsulo nawo sanathe. Dario Pegoretti, amene anapanga zina mwa njinga za Indurain pansi pa dzina la ena, anayamba kulemba dzina lake, nadziwika ndi mafelemu owotcherera mwaukhondo amene ankawapaka utoto ndi manja monga momwe mtima wamuuzira tsiku limenelo, kotero kuti panalibe awiri ofanana. Anamwalira mu 2018. Ku America, Richard Sachs wakhala akupanga yekha mafelemu a zolumikizira kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo omufuna ankadikira zaka. Zionetsero za njinga zopangidwa ndi manja zinayamba ku America mu 2005 ndi ku Bristol mu 2011, ndipo zinakopa achinyamata kuphunzira moto ndi tupa.

Motero lero pali magulu awiri a osirira. Ena amafuna njinga ya kaboni yosalala, yobisa chilichonse, yoyesedwa ndi mphepo ndi kompyuta. Ena amafuna yachitsulo yowonda, yoonetsa pamene dzanja la mmisiri linadutsa. Onse amayang'ana zinthu zofanana: ngati ziwalo zikulingana, ngati polumikizira ndi paukhondo, ngati utoto ukutsata mpangidwe wa felemu, ndiponso ngati njingayo ikumuyenera mwini wake akakhalapo. Makampani monga Colnago, Cinelli ndi De Rosa amagulitsira magulu onse awiri, ndipo m'mabuku awo amalonda felemu yachitsulo ya zolumikizira imapezeka pamodzi ndi ya kaboni yatsopano.